Madzi saiwala khwawa: zochita kuti mvula isatidulire msewu ndi kutikokolera munda

Kwathu ndi kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'boma la Chikwawa, kumene msewu wochokera pa Thabwa kupita ku Fatima umalambalala m'munsi mwa mapiri a Thyolo. Mvula ikagwa kumtundako, ife timaiona ikubwera m'mitsinje ngakhale kwathu dzuwa likuswa mtengo. Mwamphanzi, Nkhate ndi Livunzu imadzaza mwadzidzidzi, madzi ake ofiira, atasenza mitengo, nthochi ndi miyala. Tinaona madzi a mu Januwale 2015. Tinaona namondwe wa Idai mu Malichi 2019. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la magetsi pa Kapichira n'kudula msewu wa M1, ndipo tisanapume bwino, Freddy anafika mu Malichi 2023, n'kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera, ena mpaka lero sanapezeke.

Namondwe ngati Freddy palibe angamutseke ndi khasu. Koma zaka zambiri chimene chimatidulira msewu ndi kutikokolera chimanga si namondwe ayi. Ndi mvula yamphamvu ya maola atatu kapena mvumbi wa masiku anayi, umene wapeza kalavati wotsekeka, ngalande yokwiririka ndi mizere yoloza kumunsi. Madzi amene amawononga msewu ndi omwewo amene amawononga munda, choncho ntchito ziwirizi musazilekanitse. Ndikufotokozerani mwa ndondomeko yake, kuyambira mvula isanagwe.

Yambani ndi kutsatira njira ya madzi

Mu Seputembala kapena Okutobala, nthaka ili gwa, tenganani anthu angapo a m'mudzi, pakhale a mfumu kapena nduna yawo, a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imene ambiri timangoti VCPC, ndiponso agogo mmodzi kapena awiri. Yambirani kumtunda kwenikweni, muzitsika motsatira pamene madzi anadutsa chaka chatha. Zizindikiro zake sizibisala: zinyalala zokodwa pa nthambi, mchenga woyera pakati pa munda, mizu ya mitengo yoonekera, mzere wa thope pakhoma la nyumba.

Agogowo ndi ofunika kwambiri pa ulendowu. Iwo ndi amene angakuuzeni kuti pamene pali nyumba zatsopanozo kale padali khwawa, ndipo akulu sadaname ponena kuti madzi saiwala khwawa. Likhoza kukhala louma zaka khumi, anthu n'kulimapo n'kumangapo, tsiku lina madzi adzabwerera ndithu. Lembani m'kope malo atatu kapena anayi amene ndi oopsa kwambiri, ndipo ntchito muyambire pamenepo. Mukafuna kukonza paliponse nthawi imodzi mudzatopa musanamalize ngakhale pamodzi.

Kenako m'munda

Munda wa pamalo otsetsereka ndi wa kudambo safuna chithandizo chofanana, ndipo apa ambiri timalakwitsa.

Pamalo otsetsereka cholinga n'chakuti madzi asathamange. Mizere ikhale yopingasa, yotsatira akalozera. Kuti mupeze mzere wa kalozera simufunika chida chogula. Dulani nsungwi ziwiri zowongoka za mamita awiri iliyonse, muzimange pamodzi kumwamba, ndipo pakati pake mupingase ina ya mita imodzi kuti chioneke ngati chilembo cha A. Pamwamba pomangapo mulendewetse chingwe chokhala ndi mwala, chitsike kupitirira nsungwi yopingasayo. Imikani chidacho pansi, chongani pamene chingwe chakhudza. Chitembenuzeni, mwendo uwu upite pamene panali unzake, chonganinso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene chingwe chiyenera kugwera miyendo yonse ikakhala pa mulingo umodzi. Tsopano yendani nacho mopingasa munda, mukukhoma chikhomo paliponse pamene chingwe chagwera pakatipo. Zikhomozo ndizo njira ya kalozera wanu. Munda ukakhala wotsetsereka kwambiri akalozera amayandikana, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuyezereni mtunda wake.

Pa kalozerapo bzalani udzu wa vetiva mvula ikangokhazikika, mapando motalikirana ngati chikhatho chimodzi. Chaka choyamba umaoneka wonyozeka, koma ukagwirana umakhala mpanda wosefa dothi, ndipo mizu yake imalowa pansi kwambiri. Mizere yobzalamo italikirane masentimita 75. M'makwalala ikani timizere totseka, amene timati mabokosi, kuti madzi alowe pansi. Koma kumbukirani kuti mabokosiwa ndi othandiza mvula ikakhala yapakatikati. Mvumbi ukachuluka mpaka madzi kudzaza m'makwalala, tsegulani ena mwa iwo kuti madzi atuluke pang'onopang'ono. Mukawasiya, mzere umodzi ukaphulika, ya kumunsi yonse imaphulika motsatizana.

Kudambo ndi m'dothi la makande nkhani ndi ina. Dothi lakuda lija likakhuta madzi silimwanso, ndiye cholinga n'chakuti madzi achoke msanga. Kwezani mizere kuposa masiku onse, ndipo kumbani ngalande m'malire a munda yoti itulutse madzi kupita kukhwawa kapena kumtsinje. Musanakumbe, kambiranani ndi mwini munda wa kumunsi. Ngalande yothera m'munda mwa mnzanu ndi mlandu wa kwa a mfumu, ndipo iye akaitseka madzi abwerera kwa inu nomwe.

Chigwembe chikayamba, chigwireni chikadali chaching'ono. Khomani zikhomo mizere iwiri mopingasa, pakati pake mutsendere nthambi ndi miyala, pakatikati pakhale potsikirapo kuti madzi adumphire pamenepo osati m'mbali. Kuseri kwa tchingalo dothi likadzaza, bzalanipo vetiva, nsenjere kapena nthochi. Ndipo m'mbali mwa mtsinje siyani bango ndi mitengo. Ndikudziwa kuti dothi la m'gombe ndi lachonde ndipo malo ndi ochepa, koma ndaona anthu akulima mpaka m'mphepete, chaka chotsatira gombe lonse n'kugumukira m'madzi pamodzi ndi theka la munda.

Msewu: ntchito ya mudzi wonse

Msewu wadothi umafa ndi madzi oyenda pamwamba pake. Mukaona madzi akuyenda motsatira msewu m'malo mowoloka kapena kupatuka, dziwani kuti msewuwo wasanduka mtsinje, ndipo pofika Febuluwale galimoto silidzadutsapo.

Sankhani tsiku la chitukuko mvula ya chizimalupsa isanagwe kapena itangogwa. Pafunika makasu, mafosholo, mapiki, zikwanje, wilibala ngati ilipo, ndi nsungwi yaitali. Yambani ndi makalavati. Lowetsani nsungwi kuti muone ngati mkati muli mchenga, ndipo chotsani zonse mpaka kuwala kuoneke mbali inayo. Muyambire kumene madzi amatulukira, chifukwa mukayeretsa polowera pokha kotulukira kuli kotsekeka, mchenga udzadzazanso ndi mvula yoyamba. Mapesi, mapulasitiki ndi nthambi zimene mwachotsa mukataye kutali, osati pamwamba pa kalavati pomwepo.

Mukatero lambulani ngalande za m'mbali mwa msewu. Dothi labwino lotuluka m'menemo liponyeni pakati pa msewu kuti pakhale pokwera ngati msana wa ng'ombe, madzi azitsetserekera mbali zonse ziwiri. Thope ndi zinyalala musaike pamsewu. Pamene ngalande ikutsika kwambiri, ikani timipanda ta miyala kapena ta zikhomo mopingasa, kuti madzi azitsika ngati pa masitepe m'malo mokumba. Potsetsereka kwambiri timipandato tiyandikane.

Tsopano pali ngalande zina zimene zimabweretsa mkangano m'midzi yambiri: zopatutsa madzi kuchoka m'mbali mwa msewu kupita kutchire kapena kumunda. Eni minda amazitseka usiku, poopa kuti madzi awakokolera mbewu. Ine sindiwaweruza, mantha awo ndi omveka. Koma taonani zimene zimachitika. Woyamba akatseka, madzi ake amapita kwa wachiwiri. Wachiwiri akatseka, onse awiri amapita kwa wachitatu. Pofika kumunsi madzi aja ndi ochuluka moti palibe ngalande ingawakwane, amadula msewu n'kulowa m'munda wa munthu mmodzi ndi mphamvu yonse. Kwathu zinachitikira mayi wina wamasiye amene munda wake unali kumapeto. M'mawa mwake tinapeza chigwembe chofika m'chiuno chitadutsa pakati pa chimanga chake chimene chinali chitayamba kumasula, mizu ili m'mwamba, mchenga uli mbuu.

Njira yake ndi yakuti ngalande zopatutsazo zikhale zambiri, iliyonse itenge madzi ochepa, ndipo aliyense alandire gawo lake. Pothera ngalande mwini munda akumbe dzenje kapena ngalande yopingasa yosunga madzi, abzalepo nthochi ndi vetiva. Madzi ochepa olowa mofatsa chotere ndi chinyezi chaulere, nthochi za pamenepo zimabereka mpaka chilimwe. Zimenezi zigwirizanidwe pabwalo a mfumu ali pomwepo, ndipo pakhale chindapusa chodziwika kwa wotseka ngalande.

Zilipo ntchito zoposa mphamvu za mudzi: kalavati wosweka, mlatho umene madzi akumba kunsi kwa zipilala zake, malo ofunika miyala yomangidwa m'mawaya. Jambulani zithunzi pa foni, lembani kalata kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera (VDC ndi ADC) kuti ikafike ku khonsolo ya boma, khansala ndi phungu wa dera lanu alandirenso yawo. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe loona za misewu la Roads Authority, koma khonsolo ndiyo khomo loyandikira. Lembani mu Okutobala, ndipo sungani kope lanu la kalatayo.

Sungani pamwamba zimene mudzazifune

Musabzale mbewu yonse. Siyani pang'ono m'chigubu chouma chotseka bwino, muchipachike kudenga kapena mukasungitse kwa achibale okhala kumtunda. Kumtunda komweko khalani ndi kamunda kakang'ono ka mbewu ya mbatata. Madzi akaphwa aliyense amasaka kholowa wobzala, ndipo amasowa ngati mankhwala.

Matumba a chimanga ndi feteleza akhale pa thandala lokwera, osakhudza khoma. Zitupa za unzika, mabuku a kuchipatala, makadi a kusikelo, masatifiketi a ana ndi mapepala a malo zikulungeni m'pulasitiki, zikhale m'chikwama chimodzi chimene aliyense m'nyumbamo akudziwa pamene chili. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a shuga kapena a BP, akatengeretu okwanira msewu usanaduke. Mayi woyembekezera amene masiku ayandikira apite akadikirire kuchipatala. Kunyamula mayi wodwala pa machira usiku kuwoloka mtsinje wodzaza ndi chinthu chimene sindifuna munthu wina adzachione.

Chenjezo likamveka

Nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi mvula yamphamvu ikamayandikira, ndipo a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (DoDMA) amatumiza uthenga kudzera m'makhonsolo ndi m'makomiti. Wailesi ikhale ndi mabatire, foni ikhale yotchaja. Koma chenjezo lofulumira kuposa onse ndi la mnzanu wokhala kumtunda kwa mtsinje wanu. Sinthanani manambala ndi anthu a kumeneko, akaona mtsinje ukukwera akuimbireni. Pagombe khomani mtengo wopakidwa utoto m'magawo, ndipo mudzi ugwirizane kuti madzi akafika pakuti, ng'oma kapena wenzulo ilire, anthu anyamuke.

Samukani kukadali kowala. Okalamba, aulumali, odwala ndi ana atsogole, ndipo aliyense wa iwo akhale ndi munthu amene anapatsidwiratu udindo womutenga. Ziweto zipite kumtunda msanga. Ngati nthawi yatha, zimasuleni, chifukwa mbuzi yomangidwa pachikhomo imafera pomwepo. Malo othawirako, kaya sukulu kapena tchalitchi, ndi njira yopitira kumeneko, zidziwike mvula isanayambe. Okhala m'munsi mwa mapiri, monga ku Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Blantyre, inu mdani wanu ndi napolo. Anagwa ku Phalombe mu Malichi 1991, anagwanso ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche nthawi ya Freddy. Mukaona ming'alu yatsopano pansi, mitengo ikupendekeka, madzi a m'khwawa asanduka thope mwadzidzidzi kapena mukamva mkokomo kuphiri, thawirani cham'mbali, osati kutsika motsatira khwawa.

Pa nkhani yowoloka ndilankhula mosapsatira. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo simungaone ngati pansi pake msewu udakalipo. A kabaza, a njinga zamoto ndi oyendetsa galimoto, musalole okwera akukakamizeni. Mitsinje yochokera m'mapiri imaphwa msanga, nthawi zambiri kudikira maola ochepa n'kokwanira. Ana asapite kusukulu ya kutsidya tsiku limenelo. Kufupi ndi Shire kumbukiraninso kuti madzi osefukira amabwera ndi ng'ona mpaka m'minda.

Madzi akaphwa: thanzi poyamba

Zimbudzi zikagumuka, zonyansa zimalowa m'zitsime, ngakhale m'mijigo imene inamira. Madzi onse akumwa muwawiritse kapena muthiremo klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsatira muyezo umene akuuzani. Kolera amene anayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, mupatseni Thanzi ORS ali m'njira yopita kuchipatala, musadikire kuti kuche. Kumbani chimbudzi chongoyembekezera tsiku loyamba lomwelo, gonani m'masikito, ndipo nyama ya chiweto chofera m'madzi musadye. Musalowe m'nyumba ya zidina zosawotcha imene makoma ake anyowa mpaka mutaiyendera bwino kunja.

Kuweruza munda

Musathamangire kuzula, musathamangirenso kuthira feteleza. Choyamba tsegulani njira kuti madzi otsala atuluke. Chimanga chaching'ono chikamira kwa masiku awiri mpaka anayi nthawi zambiri chimafa, ndipo kukatentha ngati kuchigwa kuno chimafa msanga kuposa apo. Chachikulu chimene nsonga yake inali pamwamba pa madzi chimapirira kwambiri. Kuti mudziwe, dikirani masiku atatu kapena asanu, ndiye muzule mapesi angapo m'malo osiyanasiyana, muwang'ambe pakati ndi mpeni kuchokera kumwamba mpaka kumizu. Mtima wake ukakhala woyera ndi wolimba, chili moyo, ndipo muona tsamba latsopano likutuluka. Ukakhala wofiirira, wofewa ndi wonunkha, chapita.

Chimene chapulumuka chimaoneka chachikasu chifukwa madzi atsuka chakudya cha m'nthaka. Dikirani dothi liume moti khasu likhoza kulowa osamata, palirani kuti mpweya ulowe, kwezaninso mizere kukwirira mizu yoonekera. Mukatero, ngati chimanga sichinamasule ndipo muli ndi Urea wotsala, thirani pang'ono pobowola dzenje pambali pa phando n'kukwirira. Kuthira m'thope madzi akadali chiimire n'kutaya ndalama. Chimanga chogwa chimene sichinamasule chimadzuka chokha, musachikoke mwamphamvu, mungadule mizu. Yenderaninso kawirikawiri kuona mbozi za ntchemberezandonda, chifukwa chimanga chobzalidwa mochedwa ndi chofooka zimachikonda.

Ngati madzi anapeza chimanga chitakhwima, kololani msanga chimene sichinamire, musende makoko ndi kuyanika pa mkeka kapena pa thandala, osati padothi. Chimene chachita chuku musadye, musaphikire mowa, ngakhale nkhuku musazipatse. Chuku china chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi kuphika.

Pamene mbewu zafa, funso ndi lakuti kwatsala mvula yochuluka bwanji. Madzi akabwera mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, chimanga chocha msanga monga Kanyani chikhoza kukwanitsa. Kumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale, m'munda wa kumtunda ndi bwino kubzala mbatata, khobwe kapena chinangwa kusiyana ndi kubwereza chimanga chimene mvula idzachisiyire panjira. Madzi a mu Malichi, ngati a Idai ndi Freddy, amatanthauza kuti maso onse akhale kudimba. Kumene madzi asiya thope lakuda, nthaka imakhala yachonde ndi yachinyezi, ndipo chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata zimachita bwino mukabzala motsatira madzi pamene akubwerera. Kumene asiya mchenga, kumbani ndi khasu muone kuya kwake. Wosapitirira chikhatho ukhoza kusakanizidwa ndi dothi la pansi ndi manyowa. Wofika m'mawondo musalimbane nawo chaka chomwecho, kumbani mayenje ofika pa dothi lenileni mubzalemo maungu kapena mbatata.

Kubwezeretsa njira

Msewu ukaduka, mtengo wa mchere, sopo ndi ufa umakwera sabata yomweyo, ambulansi imalephera kufika, thandizo limathera kutsidya. Tsiku loyamba ikani nthambi kapena miyala mbali zonse ziwiri za pamene paduka, kutali ndithu, kuti wa njinga wobwera usiku aone. Pansi pa phula kapena konkire yooneka yabwinobwino pakhoza kukhala mphako, ndiye suzumirani kunsi musanalole ngolo kudutsa.

Pokwirira dzenje, chotsani kaye madzi ndi thope, yalani miyala ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, kenako dothi la tsangalabwi, mukutsendera gawo lililonse ndi chipika. Udzu ndi mapesi zimathandiza galimoto lotitimira kwa tsiku limodzi, koma zikawola dzenje limakula kuposa kale. Ndipo musakwirire musanapeze chimene chinabweretsa madziwo pamenepo. Bwererani kumtunda, mupeza kalavati wadzaza kapena ngalande yatsekedwa, muyambe mwatsegula kumeneko.

A komiti alembe zowonongeka khomo ndi khomo: dzina, kukula kwa munda, mbewu yake, ziweto, nyumba. Kaundulayo awerengedwe pagulu asanapite kwa alangizi ndi ku khonsolo, kuti ovutika enieni asatsale ndipo maina a anthu osakhudzidwa asalowemo. Pomaliza, madzi asanaiwalike, tengani utoto mukachonge pa mtengo waukulu kapena pakhoma la sukulu pamene anafika, mulembepo mwezi ndi chaka. Mu Okutobala mukamadzayendanso ulendo wotsatira njira ya madzi, mudzayambire pa chizindikiro chimenecho.